Chaka Chimene Achemwali Ankasankha Mzinda

Chaka chimene achemwali ankasankha mzinda wokakhala, ine ndinali Fomu 1. Msuweni wanga, mwana wa amalume, anali nane kalasi imodzi, ndipo kunyumba tinkagona chipinda chimodzi. Iye anabadwira ku Blantyre, kumene amalume amayendetsa galimoto la katundu. Banja la amalume litatha, anamubweretsa kwathu kuti amayi amulere. Kwathu ndi kuseri kwa Namitete, ukasiya tala n'kudutsa minda ya fodya. Achemwali ndi oyamba kubadwa m'nyumba mwathu, ine ndine mzime.

Atamaliza sukulu ya zamakompyuta, achemwali anabwerera kumudzi ndi chikwama chakuda chokhala ndi laputopu. Anthu ankanong'onezana kuti ntchito yawasowa. Koma ntchito anali nayo, ya m'laputopu momwemo. Ankalemba mapulogalamu a pa foni, zija mumadinadina mukafuna kufunsa alangizi za matenda a mbewu. Kampani imene inawalemba inali ndi antchito m'mizinda yosiyanasiyana, ena kunja kwa dziko lino, ndipo onse ankakumana pa laputopu, aliyense ali kwake.

Vuto linali magetsi ndi netiweki. Sola yathu inkangokwanira kutchaja foni ndi kuyatsa babu limodzi. Netiweki inkabwera ikafuna, n'kuchoka osatsanzika. Masiku a msonkhano achemwali ankapalasa njinga mpaka pa Namitete, kwa bambo wina wa golosale, Msilamu wokonda nthabwala, amene anawapatsa kampando kuseri kwa matumba a shuga, pafupi ndi soketi. Lachisanu masana bamboyo ankatseka sitolo kupita ku mzikiti, achemwali n'kutsala pakhonde, laputopu pamiyendo, akabaza akuwasuzumira podutsa.

Akamagwirira ntchito kunyumba, ndinkakhala pambali pawo. Sindinkalankhula. Ndinkangoyang'ana timizere ta mawu tobiriwira ndi tachikasu tikukwera m'mwamba. Laputopuyo sindinaikhudzepo, ndinkaopa kuti ndingafufute ntchito ya anthu. Tsiku lina pulogalamu inakana kuyenda, achemwali anafufuza mpaka anapeza pamene analakwitsa, n'kuseka okha.

"Chinthu ichi sichidziwa za ulemu," anandiuza. "Ukachiuza kuti ayi, chimatenga ayi yemweyo. Sichifunsa kawiri."

Ndinaseka nawo chifukwa iwo anaseka.

Chakumapeto kwa dzinja netiweki inawadula ali mkati molongosola ntchito yawo kwa akuluakulu. Si kuti kanali koyamba. Abwana awo anawauza mofatsa kuti yakwana nthawi yoti asamukire kumene kuli magetsi ndi intaneti yodalirika. Kampaniyo inalibe nazo kanthu kuti ndi kuti: Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, asankhe okha.

Amayi atamva, nkhani ya intaneti sanaisamale n'komwe. Iwo anaona china.

"Mtsikana wosakwatiwa sakhala yekha m'tauni," anatero, uku akusankha fodya m'chigafa. "Ukadwala adzakuphikira phala ndani, laputopuyo? Utenga mmodzi mwa ana awiriwa, ukamulowetse sukulu konko."

Ine ndi msuweni wanga tinali pomwepo, tikumanga fodya m'timitolo. Manja anga anaima.

"Ku Mzuzu ndiye iwalako, kulibe ngakhale wotidziwa dzina," amayi anapitiriza. "Kukakhala ku Blantyre, utenga msuweni wakoyu. Bambo ake ali konko, ndipo njira akuzidziwa. Mzime wangayu sindingamutumize kutali chotero, angasochere pa depoti osafunsa munthu. Koma Lilongwe ndi pakhomo pompano. Ukasankha Lilongwe, utenga iyeyu."

Abambo anangoti, "Mayi ako anena," n'kupitiriza kusalaza tsamba pabondo.

Kuyambira tsiku limenelo mizinda iwiri ija inasanduka anthu awiri. Blantyre anali msuweni wanga. Lilongwe ndinali ine. Madzulo ake ndinalemba m'kope langa, limene ndimalembamo za tsiku ndi tsiku, kuti ndikufuna kupita. Ndinkafuna kudzuka m'nyumba imene achemwali akudzukamo, kuwaphikira tiyi, kukhala pambali pawo ngati kale, mwina tsiku lina n'kuphunzira kulemba timizere tija ndekha. Ndinkafunanso sukulu yokhala ndi chipinda cha makompyuta. Koma chachikulu chinali chakuti asankhe ine.

Achemwali sankasankha mwana. Iwo ankasankha mzinda, ndipo ankauyeza monga amayezera china chilichonse, modekha mpaka kutopetsa. Ankafunsa anzawo a kuntchito kuti magetsi amathima kangati kumene akukhala. Ankafufuza kuti ndi madera ati amene intaneti imagwira bwino. Anzawo ambiri olemba mapulogalamu anali ku Blantyre, ndipo Loweruka ankakumana n'kumathandizana, chinthu chimene achemwali ankachilakalaka chifukwa anatopa kulimbana ndi mavuto okhaokha kuseri kwa matumba a shuga. Koma mabungwe amene ankagwiritsa ntchito pulogalamu yawo anali ndi maofesi ku Lilongwe, ndipo alimi oti akayese nawo pulogalamuyo anali konkuno kwathu. Lero ankadzuka ali a Blantyre, mawa a Lilongwe. Ine ndinkadziwa mzinda wa tsikulo poona amene achemwali amuitana.

Ndipo amene ankaitanidwa kawirikawiri anali msuweni wanga.

"Iwe, tabwera. Kuchoka ku Chilomoni kupita m'tauni, munthu amakwera kangati?"

"Kamodzi kokha, asisi. Ndipo mukafuna mutha kuyenda wapansi, mungotsika n'kukwera. Miyendo imakongola ndi mapiri. Taonani yangayi."

"Nanga madzi?"

"Madzi amatuluka akakondwa. Koma mukakhala ndi ine simudzasowa, ndimadziwa pokatunga. Mukatenga gologolo uyu, adzaima pa mpopi mpaka dzuwa kulowa, kudikira kuti wina amuuze kuti tunga."

Gologolo ndinali ine. Usuweni umalola zimenezi, msuweni amakunyoza pamaso pa makolo ndipo palibe mlandu. Nanenso ndinali ndi ufulu womubwezera, koma mawu anga ankabwera mochedwa, nthawi zambiri mawa lake ndili m'kalasi.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinachitika tikuthothola mtedza pansi pa mango. Achemwali anatsegula mapu a Blantyre pa laputopu, n'kumuuza msuweni wanga kuti awaonetse pamene amalume amakhala. Iye anangopukuta manja pachitenje, n'kuika chala pa laputopu ngati kuti anabadwa nayo. Anakokera uku, anakokera uko, akufuula kuti uwu ndi msika, apa ndi pamene anagwa ali mwana. Mutu wake unagundana ndi wa achemwali, onse awiri akuseka. Ine ndinaiyang'ana laputopuyo kwa miyezi yambiri osaikhudza, iye anaisiyira chidindo cha dothi tsiku limodzi, ndipo achemwali anangopukuta ndi nsonga ya malaya. Ndinathothola mtedza mwamphamvu mpaka zikhadabo zinandiwawa.

Ndikanati ndionetse chiyani ine? Ku Lilongwe ndinapitako kamodzi, kukaona azakhali kuchipatala, ndipo chimene ndinakumbukira ndi fumbi ndi dzanja la amayi litandigwira pamkono. Choncho ndinayamba kusonkhanitsa zabwino za Lilongwe mwakachetechete. Ndinkamvetsera makondakitala akamaitanira anthu pa Namitete. Ndinafunsa aphunzitsi athu a Jogalafe ngati n'zoona kuti Lilongwe ikukula kuposa mizinda ina. Zonse ndinkazisunga, kudikira mpata. Koma mpata ukafika, msuweni wanga anali atayamba kale kulankhula.

Ngakhale bambo wa golosale uja anali mbali yake. Tsiku lina achemwali anatituma tonse awiri kukawatengera chingwe chotchajira chimene anaiwala kusitolo.

"Muwauze achemwali anuwo apite ku Blantyre," anatero bamboyo akutipatsa chingwecho. "Katundu wanga ndimaoda ku Limbe, ndikudziwa. Kumeneko ndiye kuli tauni. Lilongwe ndi mudzi umene unangonenepa."

Msuweni wanga anavina pomwepo, pakati pa sitolo. Ine ndinanyamula chingwe.

Kamodzi kokha ndinalimba mtima. Tinali pakhonde, achemwali akudandaula za kukwera mitengo kwa nyumba m'mizinda yonse iwiri. Ndinati, "Ku Lilongwe kulibe mapiri otopetsa."

Msuweni wanga anaomba m'manja. "Amalankhula! Asisi, lembani tsiku la lero, gologolo walankhula!"

Achemwali anamwetulira, n'kunena kuti, "Wanena zoona," koma maso awo anali kale pa laputopu.

Mtedza utauma, achemwali anapita m'tauni kukaona nyumba. Sanatiuze kuti aona zotani. Anangobwera madzulo ali mbuu ndi fumbi, n'kufunsa madzi osamba. Loweruka lotsatira anandiitana ine, ine ndekha, kuti ndiwaperekeze pa Namitete kwa akalipentala a m'mbali mwa msewu. Ankafuna tebulo logwirira ntchito. Anayeza ndi chigongono kutalika kwake, anakhala pampando n'kuyerekeza ngati akulemba, kalipentala akuwaseka kuti tebulo la chakudya saliyesa choncho. Ndinadziuza kuti tebulo lotere munthu sangalinyamule mpaka ku Blantyre.

Pobwerera sitinakwere njinga, tinkangoikankha. Titadutsa pa mjigo, achemwali anaima.

"Iwe, ndikufunse. Nditati ndasankha Lilongwe, ungakonde kupita nane?"

Amayi anatilera motere: munthu akakupatsa chinthu chachikulu, sulumphira. Umayamba wakana. Ukapita kwa eni ake n'kukupatsa chakudya, umati ndadya kale, ngakhale m'mimba mukulira. Mwini wake amadziwa, amakuumiriza, kachiwiri, kachitatu, ndiye umalandira ndi manja awiri. Mwana wovomera pomwepo amatchedwa wosusuka, ndipo manyazi amagwera mayi ake. Ndinaona amayi akuchita zimenezi moyo wanga wonse, ndinaonanso achemwali akuzichita ndili wamng'ono. Ndiye pamene chinthu chachikulu kuposa zonse chinaikidwa pamaso panga, pakamwa panga panayankha pokha.

"Ayi achemwali, musavutike nane. Kuno ndili bwino. Nanga amayi atsala ndi yani?"

Ndinayang'ana pansi, n'kudikira. Ndinali nditakonza kale yankho lachiwiri, lakuti ngati inu mwaona choncho, ndipita.

Achemwali anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkamva maso awo pamutu panga.

"Chabwino," anatero mofatsa. "Ndimaganiza choncho. Nthawi yonseyi sunanenepo kuti ukufuna. Sindikufuna kukuzula pamene uli bwino chifukwa choti amayi analamula. Wachita bwino kundiuza zoona."

Anandigwira paphewa, n'kuyamba kukankha njinga.

Njira yonse ndinkadikira kuti afunsenso. Tinadutsa munda wa aphunzitsi, ndinati afunsa tikafika pa mlatho. Pa mlatho ankanena za tebulo, kuti mwina akanauza kalipentala aboole kabowo kodutsa zingwe. Ndinati afunsa tikamalowa m'mudzi. Mawu anali pakhosi panga penipeni, koma kunena kuti ndinanama, ndikufuna, kunali ngati kulanda m'manja mwa munthu mbale imene wabweza kale kukhitchini. Tinafika pakhomo, achemwali anatsamiritsa njinga pankhokwe, n'kutulutsa foni.

Anaimbira amalume. Ndinamva zonse ndili pakhonde. Anati asankha Lilongwe, apeza kanyumba cha ku Njewa kumene intaneti imagwira bwino, ndipo akupempha kuti atenge mwana wawo akakhale naye. Mawu a amalume ankamveka mpaka pamene ndinali, akuthokoza, akubwerezabwereza.

Msuweni wanga anatuluka m'khitchini ndi chipande m'manja.

"Ine? Ku Lilongwe?" Anandiyang'ana ine kaye, kenako achemwali. "Si kwa uyu kumeneko?"

"Wakana," anatero achemwali.

"Wakana? Iwe, mutu wako ukuyenda bwino?" Anadikira pang'ono kuti ndiyankhe. Kenako anaponya chipande m'mwamba n'kuchiwakha. "Basi, mudzi wonenepawo ndikaukonza ndine. Tauni ndi tauni!"

Amayi anandipeza kuseri kwa chigafa, ndikuchita ngati ndikutola zingwe za fodya.

"Ndamva kuti wakana."

"Ndinakana kamodzi kokha, amayi."

Kenako anakhala pansi pambali panga, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Sanafunsenso?"

Ndinapukusa mutu.

"Ha, mwana ameneyu. Makina ake aja amuiwalitsa kafunsidwe." Anapuma mozama. "Iwenso, mkulu wako weniweni, wa bere limodzi, ukumuyankha ngati mlendo?"

"Mukawauze, amayi."

"Ndikanene chiyani? Mawu apita kale kwa amalume ako, ndipo athokoza. Ndikawabweza lero, adzati mwana wawo ndimamusala, ndinangomulera pamaso. Mlongo wanga ndi mmodzi yemweyo." Anandichotsa kachitsotso m'tsitsi. "Lilongwe si kumwamba. Pa holide uzipita."

Sindikudziwa ngati amayi anawauzapo achemwali. Ndikuganiza kuti sanawauze, poopa kuti angasinthe maganizo n'kuyambitsa mkangano pachibale.

Ananyamuka mwezi wozizira. Tebulo analimanga pamwamba pa kagalimoto ka munthu wa pa Msundwe, miyendo ili m'mwamba. Ine ndinanyamula chikwama cha msuweni wanga mpaka pamsewu. Achemwali pokwera anamupatsa iye chikwama chakuda chija kuti achigwire pamiyendo, n'kumuuza kuti asachigunditse. Iye anachikumbatira n'kunditsinzinira diso pawindo. Achemwali anandiuza kuti ndiziwasamala amayi, ndizilimbikira masamu. Ndinati chabwino.

Akanapita ku Blantyre, mwina ndikanapola msanga. Ndikanati mzinda ndi umene unasankha, osati munthu, ndipo ndikanawaona pa Khirisimasi pokha. Koma Njewa ndi pafupi. Ukakwera minibasi pa Namitete, umangodutsa Msundwe ndi Mpingu, wafika. Ndiye msuweni wanga ankabwera pafupifupi mwezi uliwonse, atavala yunifolomu ya sukulu ina, tsitsi litalukidwa bwino. Ankafotokoza zonse osafunsidwa. Kusukulu kwawo kuli makompyuta, koma iye amawaposa onse chifukwa kunyumba asisi amamulola kugwiritsa ntchito laputopu yakale. Waphunzira kulemba osayang'ana zala. Magetsi akathima, asisi amamutuma kuthamanga kukayatsa batire msonkhano usanaduke, ndipo anzawo a asisi a kunja amamudziwa, amamupatsa moni.

Sindinganene kuti anali woipa mtima. Ankandibweretsera maapozi, nthawi ina kope lachikuto cholimba, akuti, "Ulembemo zoipa zanga, ndikudziwa kuti umalemba." Akapita, chipinda chinkakula, ndipo ndinkamusowa. Kumusowa ndi kumuchitira nsanje zinkagona pamodzi mwa ine, osakankhana.

Pa holide ndinapitadi kamodzi. Kanyumbako kanali ka zipinda ziwiri, tebulo lili pawindo. Msuweni wanga ndi amene anandionetsa poika nsapato, kapu yoti ndimwere, ndiponso nthawi imene sitiyenera kuchita phokoso chifukwa asisi ali pa msonkhano. Ndinafuna kuwaphikira achemwali tiyi, iye anati, "Sumadziwa mmene amakondera masiku ano, asiya shuga." Ndinabwerera kumudzi tsiku lisanakwane, ndinati amayi ali okha ndi chimanga chosatonola.

Chaka chotsatira, nditayamba Fomu 2, ndinaganiza zongonena. Ndinakonza mawu anga bwinobwino, ochepa, opanda kuzungulira: achemwali, tsiku lija ndinkafuna kupita, ndipo mpaka pano ndikufuna. Ndinawayeserera popita kumjigo ndi pobwera. Lamulungu masana, titaweruka kutchalitchi, ndinabwereka foni ya amayi n'kupita kuseri kwa khola la mbuzi kumene kunalibe anthu.

Foni inaitana, n'kuyankhidwa. Anali msuweni wanga.

"Azakhali?"

"Ndine."

"Gologolo! Waphunzira kuimba foni? Asisi ali pa laputopu, pulogalamu yawo yagwa ndiye anthu akulira uko. Ndiwauze chiyani?"

Ndinkamva kugogoda kwa zala za achemwali chapatali. Mawu anga ndinali nawo, onse, okonzeka. Koma sindikanawapereka kwa iyeyo kuti awanyamule.

"Uwauze kuti amayi akupereka moni."

"Basi? Wawononga mayunitsi a azakhali chifukwa cha moni?"

Kugogoda kuja kunasiya. Ndinamva mpando ukukokedwa, kenako mawu a achemwali, otopa koma okoma, monga ndimawadziwira.

"Mng'ono wanga, ukulankhula ndi ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe. Koma sankafunsa ine.

"Ndi akumudzi," anatero msuweni wanga.

Ndinadula foni. Ndinaima pang'ono pomwepo, mbuzi zikundiyang'ana, kenako ndinakaibweza kwa amayi, amene anali pamkeka akusenda maungu.

"Ali bwanji?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Ali bwino," ndinatero. "Onse awiri."